Mwana akagona m'chipatala, mawu omaliza ndi a ndani?

Dzinja lina, malungo atafika povuta, mwana wa mchemwali wanga adagonekedwa pa chipatala china muno mu Lilongwe. Amayi ake ndiwo ankagona naye m'wodi. Ine, monga malume, ntchito yanga inali yopititsa phala m'mawa ndi nsima masana. Pa bedi loyandikana ndi lathu panali mayi wachichepere wochokera cha ku Nsaru, ali ndi kamnyamata ka zaka ziwiri. Zikhatho za mwanayo zinali zoyera mbee, ndipo ankapuma mothamanga ngati wangotsika kumene paphiri. Dokotala atayang'ana zotsatira za ku labu adati, "Mayi, mwanayu magazi amuthera. Tikuyenera kumuika magazi lero lomwe."

Mayiyo adayang'ana pansi. "Adokotala, ine pandekha sindingavomere. Bambo ake ali ku Joni. Tidikire atsibweni ake ayankhe foni."

Foni ya atsibweni sinkapezeka. Maola adapita. Namwino wina wachikulire adabwera n'kukhala pamphepete pa bedi, n'kuyamba kucheza naye pang'onopang'ono, kumuonetsa zikhatho zake n'kuzifanizira ndi za mwanayo. Dzuwa likupendeka mayi uja adadinda chala papepala. Patatha masiku atatu kamnyamatako kankalirira nthochi yomwe tidabweretsera mwana wathu.

Kuyambira tsiku limenelo funso ili silinandichoke m'mutu: mayi uja akadakana mpaka usiku, achipatala akadatani? Akadapinda manja mwana n'kutsikira kuli chete, kapena akadamuika magazi amake asakufuna? Nanga lamulo likuti chiyani? Maganizo anga ndiwanene poyera pachiyambi pomwe. Pa nkhani zambiri za umoyo wa mwana, mawu ndi a makolo, ndipo ayenera kukhala a makolo. Boma lili ndi khomo lolowera, koma ndi lopapatiza: pamene kukana kwa kholo kukupereka mwana ku imfa kapena ku chilema cha moyo wonse, chithandizo chodalirika chilipo. Ndipo boma likalowa pakhomo limenelo, lasenza ngongole kwa mwanayo ndi kwa banja lake.

Chifukwa chake makolo ali patsogolo sichovuta kuchiona. Iwo ndiwo amamudziwa mwana: kulira kwa njala ndi kulira kwa ululu amasiyanitsa, mankhwala omwe adamutulutsa zidzolo chaka chatha amawakumbukira. Iwo ndiwo adzasenza zotsatira za chilichonse chimene chichitike, pomwe dokotala mawa ali ndi ana ena zana pamzere. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 nawonso amati banja ndilo maziko a mtundu ndipo liyenera kutetezedwa, pomwe gawo 33 limapereka ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo. N'chifukwa chake opaleshoni isanachitike amakupatsani pepala kuti musaine, ndipo muli ndi ufulu wofunsa, wopempha kumva maganizo a dokotala wina, ngakhale wosankha pakati pa chipatala cha boma, cha mishoni monga Likuni kapena Nkhoma, ndi cholipira.

Koma kuno kwathu mawu oti "kholo" ali ndi mfundo yomwe mabuku a zamalamulo ochokera kunja saidziwa. Pakati pa Achewa, mwana ndi wa mbumba. Mwinimbumba ndi mlongo wa amayi, ndipo m'midzi yambiri kuzungulira mzinda uno, ku Mitundu, ku Kabudula, ku Chitekwere, nkhani ikakhala ya moyo ndi imfa mayi sangaidule yekha atsibweni a mwana asanamve. Kumene kuli chitengwa kapena kumene adapereka malowolo, mawu amalemera ndi akuchimuna. Pena wolera mwana ndi agogo, makolo adamwalira kapena ali ku ntchito kutali. Tsono amene wakhala pambali pa bedi, amene achipatala akumupempha chilolezo, nthawi zambiri si amene kwawo amamuwerengera kuti ndi mwini nkhani. Mayi wa ku Nsaru uja sankakana magazi. Ankaopa kuti mwana akafa atadinda yekha chala, pamaliro adzamuloza kuti "ndiwe udapereka mwana wathu." Pamaso pa lamulo, mayi wobereka ali ndi mphamvu zonse zovomerezera chithandizo cha mwana wake, sasowa chidindo cha mwamuna kapena cha malume. Koma lamulo silikakhala nawo pa bwalo la maliro. Ine ndine malume, ndipo ndikunena kwa amalume anzanga ndi azibambo: mukamatumiza mayi ndi mwana kuchipatala, muuzeni asananyamuke kuti chimene adokotala anene kuti chipulumutsa mwana, avomere, ife tili pambuyo pake. Nkhanga zidapangana kusanapse.

Tsopano tione chimene lamulo limanena za mwana mwiniwakeyo. Gawo 23 la malamulo aakulu aja ndi la ufulu wa ana. Mu 2010 adawonjezeramo mawu oti pa chiganizo chilichonse chokhudza mwana, ubwino wa mwanayo uzikhala patsogolo, ndipo mu Febuluwale 2017 Nyumba ya Malamulo idakweza msinkhu wa mwana kuchoka pa zaka 16 kufika pa 18. Dziko lathu lidavomerezanso pangano la United Nations la ufulu wa ana mu 1991. Tanthauzo la zonsezi ndi loti mwana si katundu wa munthu aliyense. Ali ndi ufulu wokhala ndi moyo mwa iye yekha, ndipo mphamvu za kholo ndi zomusungira ufuluwo kufikira atakula.

Njira yeniyeni yoyendamo ili mu lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010. Lamuloli limati mwana amene akufunika kupimidwa kapena kulandira chithandizo, koma kholo kapena womulera akunyalanyaza kapena kukana, ndi mwana wofunika chitetezo. Wapolisi, mkulu woona za chisamaliro cha anthu, mfumu, ngakhale munthu wamba wa m'dera angathe kumutengera mwana wotere pamalo otetezeka, ndipo nkhaniyo iyenera kufika ku bwalo la milandu la ana pasanathe maola 48. Matenda akakhala aakulu kapena ofuna opaleshoni, lamulo limayamba ndi makolo: auzidwe, akambirane nawo, apereke chilolezo. Pokhapokha dokotala atalemba kuti umoyo wa mwana uli pachiopsezo pompopompo, ndipo kholo lakana popanda chifukwa chomveka, kapena silikupezeka m'nthawi yake, kapena likuganiziridwa kuti ndilo lamuzunza mwanayo, m'pamene wa zachisamaliro kapena wapolisi angaloleze chithandizo m'malo mwa kholo. Taonani kuchuluka kwa zipata zimenezi. Dokotala sangangodzuka n'kunena kuti "ine ndine boma." Ndipo lamulo lomweli limaika udindo pa achibale ndi oyandikana nawo nyumba kuti akanene akaona mwana akuvutika. Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe udalowa m'buku la malamulo.

Mawu ovuta pamenepa ndi akuti "popanda chifukwa chomveka." Womva ndani? Tikati boma lizilowa paliponse pamene kholo silinasankhe chabwino koposa, ndiye kuti palibe nyumba ingatsale. Tonse timalakwitsa: timachedwa kupita kusikelo, timagula panado pagolosale m'malo mokayezetsa malungo, timampatsa mwana zotsekemera mano n'kubooka. Dokotala wina wa ana wa ku Seattle ku America, Douglas Diekema, adalemba mu 2004 kuti funso loyenera si lakuti kholo lasankha chopambana zonse kapena ayi, koma lakuti kusankha kwake kukuika mwana pangozi yaikulu kapena ayi. Ine ndimagwirizana naye. Mafunso ake ndi oti aliyense angawamve. Kodi mwana afa kapena alumala akapanda kulandira chithandizochi? Kodi ngoziyo ili pafupi, kapena pali nthawi yokambirana? Kodi chithandizocho n'chodziwika kuti chimagwira ntchito, kapena n'choyesa mwayi? Kodi palibe njira ina yomwe makolo angaivomere? Mayankho onse akaloza kumodzi, boma lilowe. Limodzi likagwedera, lidekhe.

Nkhani ya magazi ndiyo imayesa mfundo imeneyi mpaka pafupa. Malungo amaswa timaselo tofiira ta magazi, tomwe timanyamula mpweya kupita ku ubongo ndi ku mtima. Kwa mwana wamng'ono, muyeso wa magazi omwe achipatala amautchula kuti Hb ukatsika kufika pansi pa 4, kapena ukakhala pakati pa 4 ndi 6 mwana akubanika, malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati aikidwe magazi. Pamenepo mapiritsi owonjezera magazi, chiwindi kapena masamba a chisoso sizingathandize, chifukwa zimenezo zimafuna masabata pomwe mtima wa mwana watsala ndi maola.

Abale athu a Mboni za Yehova salandira magazi. Amawerenga Machitidwe 15:28-29, Genesis 9:4 ndi Levitiko 17, ndipo amamva kuti Mulungu adaletsa. Tisawanamizire: kuchipatala amapita, katemera amalandira, opaleshoni amachitidwa, ana awo amawakonda monga tonsefe. Ndipo pali mbiri yomwe aliyense wofuna kuti boma liziwakakamiza ayenera kuikumbukira. Mu 1967 boma la Dr. Kamuzu Banda lidaletsa mpingowu. Chifukwa chokana kugula khadi la chipani, mu 1972 ndi 1975 anthu ake adamenyedwa, nyumba zawo kutenthedwa, ena kuphedwa, ndipo masauzande adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chidachotsedwa mu 1993. Agogo amene adathawira ku msasa wa Sinda Misale ku Zambia akadalipo. Munthu wa banja lotere akamva kuti "boma lalamula," sakumva zomwe inu ndi ine tikumva.

Ngakhale zili choncho, ndikuti mwana aikidwe magazi. Munthu wamkulu wa nzeru zake akakana magazi, ngakhale atadziwa kuti afa, tiyenera kulemekeza. Moyo ndi wake, chikhulupiriro adasankha yekha. Mwana wa zaka ziwiri sadasankhepo kanthu. Khothi lalikulu la ku America lidagamula mu 1944, pa mlandu wa Prince ndi boma la Massachusetts, kuti makolo ali ndi ufulu wofera chikhulupiriro chawo, koma ufuluwo sufika popereka ana awo asanakule n'kudzisankhira okha. Mfundo imeneyi makhothi a maiko ambiri amaitsatira, kuphatikizapo a ku South Africa. Kumuika magazi mwanayo sikumulanda chipembedzo cha makolo ake. Akadzakula adzawerenga yekha Machitidwe 15, n'kusankha. Koma njira yochitira ikhale ya ulemu: makolo afotokozeredwe, njira zopanda magazi ziyesedwe ngati nthawi ilipo, chilolezo chidzere m'njira ya lamulo ija, ndipo asatukwanidwe m'wodi pamaso pa anthu ngati zigawenga.

Katemera ali ndi nzeru yosiyana, ndipo anthu ambiri amasakaniza ziwirizi. Mwana wokanizidwa magazi ndi wodwala, ngozi ndi yake yekha ndipo ili lero. Mwana wokanizidwa katemera ndi wabwinobwino, akusewera panja. Ngozi ili m'tsogolo, ndipo si yake yekha. Chikuku ndi amodzi mwa matenda opatsirana msanga kuposa onse: wodwala mmodzi angapatsire anthu 12 mpaka 18 amene alibe chitetezo. Kuti chisafalikire pamafunika kuti ana pafupifupi 95 mwa 100 alionse akhale atabayitsa. Kuno katemera woyamba wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9, wachiwiri pa miyezi 15. Ndiye kuti khanda la miyezi isanu la ku Area 25 kapena ku Mtandire chitetezo chake chachikulu ndi ana a anzathu omwe adabayitsa. Kholo lokana katemera likusankhiranso khanda la mnzake.

Tidaziona mu 2010. Chikuku chidagwira anthu oposa 130,000 m'dziko muno ndipo oposa 300 adamwalira. M'maboma ena, anthu a mipingo ina ya Zioni ndi ya Apositoli, yomwe imaphunzitsa kuti pemphero lokha ndilo lichiza, adabisa ana m'nyumba ndi m'matchalitchi, ena kuwolokera nawo ku Mozambique. Achipatala adayenda ndi apolisi, ndipo makolo ena adakaonekera kukhothi. Pa mliri, mwana akudwala m'nyumba ndipo anzake akufa, sindikuona kuti boma likadachitira mwina. Koma ndili ndi mantha ndi maganizo oti njira imeneyo ikhale ya masiku onse. Banja lomwe lidabayitsidwa katemera wapolisi ataima pakhomo, kodi chaka chamawa mwana akatentha thupi lidzapita kuchipatala, kapena lidzathawira kudimba?

Poliyo adatiphunzitsa china, ndipo adayambira muno mu Lilongwe momwe. Pa 17 Febuluwale 2022 boma lidalengeza kuti kamtsikana ka zaka zitatu, komwe kadafa ziwalo mu Novembala 2021, kadapezeka ndi kachilombo ka poliyo ka mtundu womwe Africa yense adalengezedwa mu Ogasiti 2020 kuti wathana nako. M'Malawi matendawa adaoneka komaliza mu 1992. Akatswiri atakafufuza adapeza kuti kachilomboko n'kachibale ndi komwe kamazungulira ku Pakistan. Mwa anthu pafupifupi 200 otenga kachilomboka, mmodzi yekha ndiye amalumala, kutanthauza kuti mwana mmodzi wopuwala ndi chizindikiro cha ambiri amene akukanyamula osadziwa. Chomwe chidathetsa mliriwo, kufikira udalengezedwa kuti watha mu Meyi 2024, si unyolo wa apolisi. Anali alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka, oyenda khomo ndi khomo ndi kabokosi kozizira paphewa, kudontheza timadontho tiwiri m'kamwa, kulemba choko pachitseko, ndi kubwereranso pomwe adakanidwa ali ndi anyakwawa kapena abusa. Ndipo tisaiwale kuti makolo a kuno si anthu odana ndi katemera. Pa 23 Epulo 2019, Malawi idakhala dziko loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kusikelo, ndipo amayi a ku Mitundu adali m'gulu la oyamba kubweretsa ana awo.

Apa ndafika pa chimene chimandipweteka kwambiri. Tikamakambirana za makolo ndi boma, timathamangira ku nkhani za mipingo chifukwa ndizo zimamveka pa wailesi. Koma m'mawodi athu, makolo ambiri okana chithandizo sakukana chifukwa cha Baibulo. Akukana chifukwa cha mantha, umphawi, ndi kusafotokozeredwa.

Tengani mpweya wa okosijeni. M'wodi ya ana mumayenda mawu oti "akangomuika mpweya, basi wapita." Mayi amene wagona m'wodi sabata yathunthu waona ndi maso ake: ana atatu adaikidwa timachubu m'mphuno, awiri adamwalira. Kuganiza kwake sikopusa. Chimene palibe adamuuza n'chakuti mpweya amaika kwa ana okhawo amene chibayo chawafikitsa kale pakhomo la imfa, ndipo wachitatu uja adachira chifukwa cha mpweya womwewo. Chimodzimodzi kutenga madzi a pamsana. Anthu amati kumapha kapena kulumalitsa. Zoona zake n'zakuti amatenga madontho ochepa pofuna kudziwa ngati mwana wokomoka ali ndi matenda oumitsa khosi, ndipo matendawo ndiwo amapha ndi kugonthetsa makutu akachedwa kudziwika. Chubu chodyetsera cha m'mphuno nacho chili ndi mbiri yomweyo. Onjezerani mphekesera za anamapopa zomwe zidaphetsa anthu ku Mulanje ndi Phalombe mu 2017, muona chifukwa chake mayi amanjenjemera akaona mwana wake akutengedwa magazi kachitatu tsiku limodzi popanda womuuza kumene akupita.

Kapena tengani khansa ya ana. Khansa ya Burkitt, yomwe imatupitsa nsagwada kapena mimba, ndi imodzi mwa zofala kuno. Imakula mofulumira kwambiri, koma imamvanso mankhwala, ndipo ku Kamuzu Central Hospital ana amalandira chithandizo chake. Chovuta n'chakuti chotupa chimaphwa msanga, mankhwala asanathe. Mayi wochokera ku Mchinji kapena ku Dowa akuona mwana wachira, kumudzi wasiya ana anayi ndi munda wosapalira, ndalama ya minibasi yobwerera adakongola. Akapita osabweranso, m'faelo mumalembedwa kuti adasiya chithandizo. Kodi ameneyu ndi wofunika wapolisi? Akufunika thiransipoti, chakudya cha gadiyani, foni yomukumbutsa tsiku, ndi munthu womuuza m'Chichewa chomveka kuti muzu wa matenda ukadali m'thupi ngakhale chotupa chaphwa. Kumugwiritsa lamulo la 2010 munthu wotere kuli ngati kumenya ng'ombe yomwe yagwa ndi goli chifukwa cha njala.

Za asing'anga ndinene mwachidule. Mabanja ambiri amayenda konse, kuchipatala ndi kwa sing'anga, makamaka akaganiza za tsempho kapena kulodzedwa. Mkanda wa m'chiuno kapena pemphero la abusa m'wodi sizilanda kanthu kwa mwana, ndipo achipatala anzeru salimbana nazo. Ngozi imabwera pamene mwana wokomoka ndi malungo asungidwa masiku atatu akutemedwa mphini, kapena khanda limwetsedwa mankhwala osadziwika muyeso. Apo mapanga awiri avumbwitsa, ndipo wovumbwayo ndi mwana.

Pali munthu wachitatu yemwe timamuiwala pamkanganowu, mwana mwini thupi. Wa zaka ziwiri sanganene kanthu, koma wa zaka 15 ali ndi maganizo. Lamulo lathu la HIV ndi Edzi la 2018 limalola wa zaka 13 kupita m'tsogolo kukayezetsa magazi popanda chilolezo cha makolo, chifukwa aphungu adaona kuti kudikira chilolezo kumasiya achinyamata ambiri osadziwa mmene alili. Ku South Africa, lamulo la ana la 2005 limalola wa zaka 12 wokhwima maganizo kuvomera yekha chithandizo. Ku England, chigamulo cha mlandu wa Gillick mu 1985 chidati chofunika si zaka zokha koma ngati mwanayo akumvetsa zomwe akuvomera. Makolo ambiri a kuno zimenezi zimawawawa, ndipo ndimawamvetsa: mwana amene ndikumudyetsa ndi kumulipirira fizi akalowe yekha kwa dokotala ine osadziwa? Koma ndikaganiza za mtsikana wa Fomu 2 amene womuchita nkhanza ndi bambo womupeza, ndimaona kuti khomo limenelo liyenera kukhalapo. Pomwe ine ndimaima njii ndi pamene wachinyamata akukana chithandizo chopulumutsa moyo. Wa zaka 16 amvedwe, afunsidwe payekha popanda akuluakulu a mpingo kapena achibale m'chipindamo, maganizo ake alemere. Koma imfa sibwezedwa, ndipo makhothi ambiri amasankha kumusunga wamoyo kufikira atakwana msinkhu.

Wina asaganize kuti boma likalowa ndiye kuti nzeru zalowa. Mu 2014, makolo ena adatulutsa mwana wawo wa zaka zisanu, wodwala chotupa cha mu ubongo, m'chipatala cha ku Southampton ku England, pofuna chithandizo cha mtundu wina kunja. Adasakidwa ngati achifwamba, n'kumangidwa ku Spain, mwana n'kutsala yekha m'chipatala cha dziko lachilendo. Patangopita masiku ochepa adamasulidwa, ndipo khothi la ku London lidalola kuti mwanayo akalandire chithandizocho ku Prague, m'dziko la Czech Republic. Makolowo sankakana chipatala. Ankasiyana maganizo ndi madokotala pa njira. Kusiyana kotere, pakati pa njira ziwiri zomwe zonse zili ndi madokotala ozivomereza, kapena pamene mwayi wochira ndi wochepa ndipo mankhwala ndi ozunza, ndi munda wa makolo. Banja likanena kuti mwana wathu wavutika mokwana, tipite naye kunyumba akagone pamphasa ya kwawo ndi mankhwala opha ululu, madokotala atavomereza kuti kuchira kulibe, boma lilibe chonena.

Ndipo kwathu kuno, kunena zoona, boma lolowerera mopyola si vuto lofala ngati boma losapezeka. Magazi omwe tikuti mwana aikidwe mokakamiza ayenera kukhalapo mufiriji. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ophunzira a m'sekondale ndi m'makoleji, ndiye sukulu zikatsekera m'Disembala, nthawi yomwe malungo ayamba kukolera, magazi amachepa. Wa zachisamaliro cha anthu amene lamulo likumutchula ayenera kupezeka usiku ndi Loweruka lomwe. Boma lomwe likufuna mphamvu yonena kuti "mwanayu ndi wathunso" pamene kholo lakana, linenenso mawu omwewo pamene kholo lavomera koma ambulansi ilibe mafuta. Ifenso tili ndi gawo: amene timakwiya tikamva kuti wina wakaniza mwana magazi, ndi angati mwa ife tidapitako kukapereka?

Palinso tsiku lotsatira chigamulo. Mwana woikidwa magazi mwa lamulo sakhala wa majisitireti. Amabwerera kunyumba komweko, kwa amayi omwewo, mumpingo womwewo. Malungo akadzamugwiranso chaka chamawa, amene adzaganize zomubereka kumbuyo kupita naye kuchipatala ndi makolo aja. N'chifukwa chake namwino wachikulire uja, amene adataya theka la ola pamphepete pa bedi ali ndi odwala ena ambiri, ndimamuona kuti adagwira ntchito yomwe pepala la khothi silikadaigwira.

M'wodi yomwe ija munali mayi winanso, kumapeto kwenikweni pafupi ndi zenera. Mwana wake wa miyezi isanu ndi umodzi anali ndi chibayo, ndipo madzulo ena adamuika mpweya. Mchemwali wanga akuti usiku wonse mayiyo ankangochotsa timachubu tija namwino akatembenuka, amayi anzake n'kumamunong'oneza, ena kuti asiye, ena kuti akuchita bwino. Palibe adamufunsa chomwe ankaopa. Mmene ndinkafika ndi phala m'mawa, bedi linali lopanda munthu. Adanyamuka tambala asanalire, mwana kumbuyo, n'kusiya buku la kuchipatala pansi pa pilo. Dzina la mudzi lomwe lidalembedwa m'bukumo linali la midzi iwiri ya m'madera osiyana, ndipo nambala ya foni munalibe. Dzuwa lisanafike paliwombo, pabedipo panali patagona kale mwana wina.